Injini ya Vani Yakale Ikatopa: Kuikonza, Kuipanga Ovaholo Kapena Kuikamo Ina

Injini ya vani kawirikawiri siifa tsiku limodzi. Imayamba ndi kumwa oyilo pang'ono, kenaka imavuta kulira m'mawa, kenaka pachitunda chimene inkakwera ndi giya yachitatu imayamba kupempha yachiwiri, mpaka tsiku lina makaniko amamvetsera kwa kanthawi n'kukuuzani kuti injini yatha. Mawu akuti "yatha" awonongetsa anthu ndalama zambiri, chifukwa amaphimba zinthu zosiyana kutalitali. Nthawi zina chimene chatha ndi gasiketi imodzi yokha, nthawi zina ndi maring'i a pamapisitoni ndi mabering'i, ndipo nthawi zina ndi block yeniyeniyo, thunthu lachitsulo la injini mmene muli masilinda, imene yang'aluka moti palibe mmisiri angaibwezere mwakale. Njira zimene zili patsogolo panu ndi zitatu: kukonza mbali yokhayo imene yawonongeka, kumasula injini yonse n'kuipanga ovaholo, kapena kuichotsa n'kuikamo ina. Njira iliyonse ili ndi nthawi yake, koma simungadziwe yoyenera vani yanu musanayeze, ndipo choyamba kuyezedwa ndi galimoto imene injiniyo ikukoka.

Yambani ndi vani yeniyeniyo

Musanalole kuti bawuti ngakhale limodzi limasulidwe, iyimikeni vaniyo padzenje la galaja kapena ikwezedwe m'mwamba, ndipo mutenge tochi ndi kanyundo kakang'ono muyendere chasisi kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Gogodani pamene pamangidwa masipuling'i, pansi pa zitseko, mozungulira matayala ndiponso pansi pa malo onyamulira katundu. Chitsulo cholimba chimayankha ndi kulira komveka, pamene chodyeka ndi dzimbiri chimangoti phu ndipo chimayoyoka ngati makungwa ouma. Dzimbiri la pamwamba pa thupi la galimoto limachotseka, koma likalowa m'zitsulo zimene zimanyamula galimoto yonse, ndalama zilizonse zolowa mu injini zikhala zotayika. Mukatero ganizirani za giyabokosi, kilatchi, difu, mabuleki, chiwongolero ndi mawaya a magetsi, ndipo mulembe papepala chilichonse chimene mukuona kuti chifuna ndalama m'zaka 2 zikubwerazi.

Anthu ambiri amalangiza kuti ngati kukonza kukuposa mtengo umene galimotoyo ingagulidwe, ndi bwino kuisiya. Malangizo amenewa amathandiza munthu amene akufuna kugulitsa, koma kwa amene akufuna vani yogwirira ntchito amasocheretsa. Funso loyenera ndi lakuti, ndi ndalama zomwezo, kodi mungapeze vani ina imene mungaidalire kuposa iyi itakonzedwa? Vani yanu mukuidziwa zilema zake zonse, mukudziwa tsiku limene munasintha kilatchi ndiponso pamene imadontha, pamene ya mwini wake imabwera ndi mbiri imene simunaione. Onjezaninso masiku amene galimotoyo idzakhale osayenda. Ngati ndi imene imakudyetsani, mlungu uliwonse umene yakhala pagalaja ndi gawo la mtengo wa ntchitoyo, ndipo zimenezi zokha zikhoza kusintha njira imene mungasankhe.

Zimene injini ikukuuzani

Zizindikiro zoyamba sizilira chipangizo chilichonse. Utsi wabuluu umasonyeza kuti oyilo akupsa pamodzi ndi mafuta, koma nthawi imene utsiwo ukutuluka ndi imene imalozera gwero lake. Ukatuluka pongoliza injini m'mawa, kapena mukamanyamuka mutaima nthawi yaitali injini ikulira, kenaka n'kusiya, nthawi zambiri vuto limakhala timphira totseka oyilo pamavalavu, ndipo imeneyi ndi ntchito ya kumutu kwa injini kokha. Ukamatuluka mosalekeza mukaponda mafuta pachitunda, maring'i ndi masilinda ndi amene akukayikitsa, ngakhale kuti turbo, chipangizo chokankhira mpweya wambiri mu injini, ikadyeka imatulutsanso utsi womwewo. Utsi woyera wochuluka umene sukusiya injini itatentha, pamodzi ndi madzi amene akumatha m'rediyeta popanda podontha pooneka, umaloza ku gasiketi ya head, mutu wa injini umene umavindikira masilinda, kapena ku mng'alu. Pa injini ya dizilo utsi woyera wonunkha mafuta osapsa umachokeranso ku mainjekita, ku mapulagi otenthetsera kapena ku timing yosokonekera, kutanthauza kuti nthawi imene mavalavu akutseguka ndi mafuta akuthiridwa yaphonyana ndi kayendedwe ka mapisitoni. Utsi wakuda umatanthauza mafuta ochuluka kapena mpweya wochepa, ndipo pawokha si umboni wakuti injini yadyeka.

Phokoso nalonso limafuna khutu lodekha. Kulira kwa pamwamba kwa "tiki-tiki" kumachokera kawirikawiri ku mavalavu ndi zowakankha, ndipo kumakonzeka injini ili m'malo mwake. Kugogoda kolemera kochokera pansi, kumene kumakula injini ikatentha ndiponso mukaponda mafuta, ndi kumene anthu amati injini yanoka, kutanthauza kuti mabering'i a crankshaft, chitsulo chachikulu chimene mapisitoni amazungulitsa, adyeka. Komabe pali zinthu zingapo zimene zimanamizira kunoka: injekita yothira mafuta molakwika, pule ya kutsogolo kwa crankshaft ikakhwepa, kapena flywheel, gudumu lolemera la kumbuyo kwa crankshaft, ikang'aluka. Chimodzimodzinso nyali ya oyilo ikhoza kuyaka chifukwa cha kaswitchi kakufa, injini ikhoza kumwa oyilo chifukwa cha paipi yopumira yotsekeka, ndipo oyilo akhoza kusakanikirana ndi madzi chifukwa cha kubooka kwa oil cooler, chipangizo choziziritsa oyilo, gasiketi ili bwinobwino. Ngakhale kaphala koyera pansi pa chitsekero cha oyilo nthawi zina kamangokhala chinyezi cha galimoto imene imayenda maulendo afupiafupi. N'chifukwa chake khutu ndi maso zimangotiuza poyambira, ndipo chigamulo chiyenera kudikira zipangizo zoyezera.

Muyeso woyamba ndi wa compression, kutanthauza mphamvu imene silinda iliyonse ikupanikizira mpweya. Injini ikhale yotentha, batire likhale lamphamvu, mapulagi onse achotsedwe, mafuta atsekedwe, ndipo pa injini ya petulo chopondera mafuta chipondedwe mpaka pansi pamene sitata ikuzungulitsa. Injini ya petulo yabwino imapereka kawirikawiri pakati pa 10 ndi 14 bar (bar ndi muyeso wa kupanikizika umene geji imaonetsa), pamene ya dizilo imapitirira 20 bar ndipo zambiri zimafika cha m'ma 30, choncho ya dizilo imafuna geji yakeyake. Nambala yeniyeni ya injini yanu ili m'buku la opanga, koma chofunika kwambiri ndi kufanana kwa masilinda: pa injini ya petulo kusiyana kukapitirira pafupifupi 10 peresenti, pali vuto. Masilinda awiri oyandikana akatsika limodzi, gasiketi yapsa pakati pawo. Silinda imodzi ikatsika yokha, pa injini ya petulo thiranimo oyilo wokwana supuni yaing'ono n'kuyezanso; nambala ikakwera kwambiri ndiye kuti maring'i adyeka, chifukwa oyiloyo watseka mpata kwa kanthawi, koma ikakhala pomwepo, mpweya ukuthawira kumavalavu kapena kugasiketi. Musachite zimenezi pa injini ya dizilo, pakuti mpata wa pamwamba pa pisitoni ndi waung'ono kwambiri ndipo oyiloyo akhoza kuyaka kapena kupinda chitsulo cholumikiza pisitoni ndi crankshaft.

Muyeso umene ndimaukhulupirira koposa ndi wa leak-down, chifukwa umakuonetsani njira yeniyeni imene mpweya ukuthawira. Pisitoni imaimikidwa pamwamba penipeni mavalavu onse atatsekeka, kenaka mpweya wa kompuresa umalowetsedwa m'silinda, ndipo inu mumangozungulira galimoto mukumvetsera. Mukatsegula chitsekero cha oyilo n'kumva mpweya ukufwenthera m'menemo, ukudutsa m'maring'i. Mukaumva kuekizozi, valavu yotulutsa utsi sikutseka. Mukaumva kumene kumalowera mpweya, ndi valavu yolowetsa. Ndipo mukaona thovu likutumphuka m'madzi a m'rediyeta, gasiketi kapena head yagonja. Palinso madzi ena oyezera, abuluu, amene amaikidwa m'kabotolo pakamwa pa rediyeta: utsi wa m'silinda ukamalowa m'madzi oziziritsa, amasintha mtundu n'kukhala achikasu kapena obiriwira.

Za pansi pa injini zimadziwika ndi zinthu ziwiri. Choyamba, chotsani kaswitchi ka oyilo n'kumangapo geji yeniyeni, ndipo muwerenge injini itatentha bwino, chifukwa oyilo wozizira ndi wokhuthala ndipo amabisa mabering'i odyeka. Amisiri ambiri amayembekezera pafupifupi 0.7 bar pa maulendo 1,000 alionse amene injini ikuzungulira pa mphindi, ngakhale kuti apanso buku la opanga ndi limene lili ndi mawu omaliza. Chachiwiri, dulani filita ya oyilo, muchotse pepala lake lopindapinda, mulifinye pang'ono n'kulitambasula padzuwa. Tinthu tochepa tonyezimira timapezeka pafupifupi mu injini iliyonse yakale, koma mukaona m'mapindo a pepalalo muli tizibenthu tofiirira ngati mkuwa kapena tasiliva tomveka ndi chala, mabering'i akudyeka ndipo tizitsulo timeneti tayenda kale m'njira zonse za oyilo. Ngati makaniko ali ndi kakamera kolowetsa pabowo la pulagi, muonenso makoma a silinda ngati akandika. Pa vani imene ili ndi kompyuta, makamaka zopangidwa kuchokera cha m'ma 2000, kuwerenga makodi a zolakwika kumatenga mphindi zochepa ndipo kwapulumutsa injini zambiri zimene vuto lake linali sensa imodzi.

Pemphani kuti manambala onsewa alembedwe papepala, silinda ndi silinda. Makaniko wodziwa ntchito yake sakhumudwa ndi pempho lotere, ndipo pepalalo limakuthandizani kufunsa mmisiri wachiwiri popanda kumasulitsanso chilichonse, pajatu mutu umodzi susenza denga.

Pali funso lina limene limaiwalika kawirikawiri, pamene ndi limene limasiyanitsa ntchito yokhalitsa ndi yobwereza: chinapha injiniyi n'chiyani? Gasiketi siipsa yokha; kumbuyo kwake kumakhala rediyeta yotsekeka, thermostat (kavalavu kotsegulira madzi njira ya ku rediyeta injini ikatentha) yokanirira, fani yosagwira kapena pampu ya madzi yodyeka. Mavani ambiri ali ndi mapaipi aatali a madzi opita ku hita ya kumbuyo, ndipo paipi imodzi yodyeka ndi dzimbiri pansi pa galimoto imatha kutaya madzi pang'onopang'ono osaoneka. Masilinda odyeka msanga amaloza ku fumbi lolowera papaipi ya mpweya yong'ambika. Pisitoni yosungunuka pa injini ya dizilo imaloza ku injekita. Mabering'i opsa amaloza ku oyilo wokhalitsa, ku sefa yotsekeka ya m'sampu (beseni la oyilo la pansi pa injini) kapena ku katundu wopitirira muyeso tsiku ndi tsiku. Njira iliyonse mwa zitatuzi imene mungasankhe, chimene chinapha injini yoyamba chikasiyidwa chidzaphanso yachiwiri.

Pamene kukonza mbali imodzi n'kokwanira

Ngati oyilo akukwera bwino pageji, filita ilibe zitsulo, pansi palibe kugogoda, ndipo mpweya sukuthawira kwambiri m'maring'i, injini yanu ili ndi moyo ndipo kuimasula yonse n'kungotaya ndalama. Gasiketi ya head, mavalavu, timphira ta mavalavu, mainjekita, turbo, pampu ya madzi ndi malo odontha oyilo, zonsezi zimakonzeka pazokha. Ngakhale lamba wa timing akaduka n'kupinda mavalavu, monga zimachitikira pa injini zimene mapisitoni ndi mavalavu amagawana malo amodzi, nthawi zambiri ntchito imathera pa head, bola mapisitoni asanasweke.

Pa ntchito ya gasiketi musalole njira yachidule. Head ikachotsedwa iyezedwe ndi chitsulo chowongoka ndi timasamba toyezera mpata, chifukwa kupindika kololedwa n'kochepa kwambiri, kawirikawiri pakati pa 0.05 ndi 0.15 mm malinga ndi injini. Iyezedwenso ngati ili ndi ming'alu, makamaka pakati pa mavalavu, popeza head imene yawirapo kangapo imang'aluka mosaoneka ndi maso. Kupala head kuli ndi malire ake, ndipo opanga ena salola n'komwe. Injini zambiri za dizilo zili ndi magasiketi a makulidwe osiyana, amene amasankhidwa poyeza mmene pisitoni yatulukira pamwamba pa block, ndipo zambiri zili ndi mabawuti a head amene amatamuka akamangidwa, moti ayenera kuyezedwa kapena kugulidwa atsopano. Chenjezo limodzi ndi lakuti head yokonzedwa bwino pamwamba pa maring'i otopa siichiritsa kumwa oyilo. Choncho head ikangochoka, yendetsani chikhadabo pakhoma la silinda chakumtunda, ndipo chikakodwa pa kamzera kokwera, dziwani kuti silinda yadyeka ndipo nkhani yasintha.

Ovaholo, ndi chimene mawuwa ayenera kutanthauza

Ovaholo imayenera pamene kudyeka kuli ponseponse koma block, crankshaft ndi head zikadali zopulumutsika. Imayeneranso kwambiri pamene injini ya mtundu wanu ndi yosowa, kapena pamene zogwiritsidwapo kale ntchito zimene zikupezeka ndi zokalamba mofanana ndi yanuyo, kapenanso pamene mukufuna kukhala ndi vaniyo zaka zambiri. Ubwino wake ndi wakuti mumadziwa chilichonse chimene chili m'kati. Kuipa kwake ndi kwakuti mtengo weniweni sudziwika injini isanamasulidwe, ndipo zotsatira zake zimadalira kotheratu manja a anthu awiri, wokonza zitsulo pamakina ndi womanga injiniyo.

Apa ndi pamene pamafunika kumvana mawu, chifukwa ena amati apanga ovaholo pamene angosintha maring'i, mabering'i ndi magasiketi popanda kuyeza chilichonse. Ntchito yotere imathandiza ngati masilinda ndi crankshaft zili m'muyeso, koma maring'i atsopano, amene ndi ozungulira bwino, sangatseke silinda imene yadyeka n'kukhala ngati dzira, ndipo utsi umabwerera pakangopita miyezi yochepa. Ovaholo yeniyeni imayamba ndi kutsuka block, kuiyeza ming'alu ndiponso kuyeza silinda iliyonse pamwamba, pakati ndi pansi. Masilinda odyeka amakuzidwa pamakina kuti alandire mapisitoni okulirapo, amene amapezeka kawirikawiri pa 0.25, 0.50, 0.75 kapena 1.00 mm, kapena amaikidwa masilivi atsopano, omwe ndi mapaipi achitsulo olowetsedwa mu block kuti akhale makoma a silinda, ngati injiniyo inapangidwa motero kapena ngati kudyeka kwapitirira. Crankshaft imapukutidwa ngati ili bwino, kapena imapalidwa ndi 0.25 kapena 0.50 mm n'kupatsidwa mabering'i ogwirizana nayo. Head imakonzedwa mavalavu ndi mipando yake. Pampu ya oyilo, pampu ya madzi, thermostat ndi zonse za timing zimasinthidwa, mainjekita amayezedwa, ndipo ngati mabering'i anali atapsa, njira zonse za oyilo zimatsukidwa ndipo oil cooler imasinthidwa, popeza tizitsulo tobisala m'menemo timatha kuwononga mabering'i atsopano pa makilomita oyambirira.

Gwirizanani ndi makaniko kuti ntchito ichitike m'magawo awiri. Gawo loyamba ndi kumasula ndi kuyeza, pamtengo wodziwika. Kenaka mukhale pansi muone manambala ndi zitsulo zenizenizo musanagule kanthu. Mukapeza block yong'aluka, crankshaft imene inapalidwa kale mpaka pamalire, kapena head ndi block zonse zowonongeka, imani pomwepo, chifukwa apa kugula injini ina kumakhala kwanzeru. Pemphani kuti zochotsedwa zonse akusungireni, ndipo sipeya zatsopano muzione zili m'mabokosi ake. Pa maring'i, mabering'i, gasiketi ya head ndi lamba wa timing, kugula zotchipa zosadziwika kumene zachokera n'kuika pachiswe ntchito yonse, pakuti mtengo wa zinthu zimenezi ndi wochepa poyerekeza ndi mtengo womasulanso injini.

Kumasulanso kumeneku n'kowawa kwambiri pa vani kusiyana ndi pa galimoto yaing'ono. Pa Toyota HiAce zakale ndi Nissan Caravan injini ili pansi pa mipando ya kutsogolo, pa Volkswagen Transporter T3 ili kumbuyo, ndipo pa Ford Transit ndi Mercedes-Benz Sprinter, ngakhale ili kutsogolo, mbali yake yalowa pansi pa galasi. Kuichotsa kumadya maola ambiri, choncho chilichonse chimene chimafikirika injini ili kunja, monga kilatchi, mphira wotseka oyilo kumbuyo kwa crankshaft ndi mamaunting'i, chisinthidwe nthawi yomweyo ngati chatopa.

Kuikamo injini ina

Njira imeneyi ndi yofulumira, ndipo ndi yokhayo imene imatsala pamene chitsulo cholumikiza pisitoni chathyoka n'kuboola block, kapena pamene injini inawira mpaka kukanirira. Injini zogulitsidwa zili m'magulu osiyana ndipo muyenera kudziwa chimene mukulipira. Pali yochotsedwa m'galimoto ina n'kugulitsidwa mmene ilili. Pali yomangidwanso ndi kampani yodziwa ntchitoyo, imene imabwera ndi chitsimikizo cholembedwa. Pali short block, imene ndi block, crankshaft ndi mapisitoni zokha. Ndipo pali long block, imene ili ndi head yomwe. Ngati head yanu ili bwino koma pansi pawonongeka, short block ikhoza kukwanira.

Injini yogwiritsidwapo kale ntchito ndi yotsika mtengo chifukwa chakuti mukugula mbiri imene simukuidziwa, ndipo makilomita amene wogulitsa akunena n'ngovuta kuwatsimikizira pokhapokha mutaiona ili m'galimoto yake. Ngati n'kotheka imveni ikulira ndipo iyezedwe compression. Ngati ili pansi, ikani sipanala pabawuti la pule ya crankshaft n'kuizungulitsa maulendo awiri athunthu, mumve ngati ikuyenda mosakodwa ndiponso ngati silinda iliyonse ikukana dzanja lanu mofanana. Tsegulani chivundikiro cha pamwamba: zitsulo zofiirira pang'ono koma zoyera zimasonyeza oyilo wosinthidwa pa nthawi yake, pamene matope akuda omata amasonyeza mwini wake wosasamala. Suzumirani m'mabowo otulukira utsi ngati muli oyilo wonyowa, onani dzimbiri m'njira za madzi, ndipo ngati wogulitsa alola, tsitsani sampu. Injini yotsukidwa mpaka kunyezimira kunja isakukopeni, chifukwa kutsukako kumafafaniza umboni wa pamene inkadontha. Chitsimikizo chilembedwe, ndipo chinene masiku ake, tsiku limene akuyambira kuwerengedwa, komanso amene adzalipire ntchito yochotsa ngati injiniyo ipezeka yoipa.

Kufanana kwa injini kuyenera kutsimikizidwa ndi kodi yodindidwa pa block, osangodalira dzina la galimoto. HiAce yokha, imene inayamba kupangidwa mu 1967, yakhala ndi injini zambiri, monga 2L, 3L ndi 5L za dizilo, 2KD-FTV ndi 1KD-FTV za common rail, zomwe ndi za dizilo zimene mainjekita ake onse amatunga mafuta m'paipi imodzi molamulidwa ndi kompyuta, ndiponso 1RZ, 2RZ ndi 2TR-FE za petulo. Ngakhale mayina oyandikana amabisa kusiyana kwakukulu: 5L ili ndi pampu ya dizilo yoyendetsedwa ndi zitsulo, pamene 5L-E pampu yake imalamulidwa ndi kompyuta. Injini ya kodi imodzimodzi yochokera mu pikapu ikhoza kukhala ndi sampu, mamaunting'i, mapaipi ndi masensa osiyana ndi a mu vani, moti muyenera kusunga injini yanu yakale mpaka ntchito itatha kuti muchotseko zofunika. Pa injini za common rail ngati za KD, mainjekita ali ndi makodi amene amalembedwa m'kompyuta ya galimoto, ndipo kumene kuli immobiliser, chipangizo choletsa injini kulira ndi kiyi yachilendo, kompyuta ndi kiyi ziyenera kuzindikirana.

Kuikamo injini ya mtundu wina kotheratu, monga kuchotsa ya petulo n'kuika ya dizilo, kumakopa anthu ambiri, koma ine ndimalangiza kusamala kwambiri. Giyabokosi ndi difu zinasankhidwa mogwirizana ndi liwiro la injini yoyambayo, ndipo pamafunikanso kusintha mawaya, mapaipi a mafuta, rediyeta, ekizozi ndi mamaunting'i. Ngati kusintha kumeneko n'kodziwika bwino pa mtundu wa vani yanu ndipo mmisiri wanu anakuchitapo kangapo, kungatheke. Koma ngati vani yanu ndi imene aphunzirirepo, masiku ndi ndalama zidzapitirira zimene munagwirizana. Kumbukiraninso za mapepala. M'mayiko ambiri nambala ya injini imalembedwa m'kaundula wa galimoto, choncho sungani lisiti losonyeza nambalayo ndi kumene injini yachokera, dziwitsani ofesi yolembetsa magalimoto ndi a inshuwalansi, ndipo kumene kuli malamulo a utsi, onetsetsani kuti injini yolowayo ikuloledwa.

Injini yogwiritsidwapo kale isalowe m'galimoto isanapatsidwe lamba wa timing watsopano ngati ili ya lamba, pampu ya madzi, thermostat, mphira wa oyilo kutsogolo ndi kumbuyo, mafilita ndi oyilo. Si injini zonse zili ndi lamba: Nissan TD27, mwachitsanzo, imayendetsa timing yake ndi magiya, ndipo zina zili ndi tcheni. Rediyeta itsukidwe kapena isinthidwe. Ngati turbo yakale inawonongeka, intercooler, imene imaziziritsa mpweya wochokera ku turbo, ndi mapaipi ake zitsukidwe bwinobwino, chifukwa injini ya dizilo ikayamwa oyilo wotsalira m'menemo imatha kuthamanga yokha osamvera kiyi mpaka kudziwononga.

Makilomita oyambirira

Injini yopangidwa ovaholo isalizidwe oyilo asanakwere. Tsekani mafuta, izungulitseni ndi sitata mpaka geji kapena nyali isonyeze kuti oyilo wafika, kenaka ilizeni mukuyang'ana kutentha ndi podontha. Chotsani mpweya wonse m'njira za madzi, hita ya kutsogolo ndi ya kumbuyo zili zotsegula, popeza mpweya wotsekeredwa m'mapaipi aatali a vani ukhoza kuwiritsa injini yatsopano pa ulendo woyamba. Musaisiye ikulira pamalo amodzi kwa maola, chifukwa maring'i amakhazikika ndi kukoka kwapakatikati, liwiro likusinthasintha. Pa makilomita pafupifupi 1,000 oyambirira musanyamule katundu wodzaza, musaithamangitse mpaka pamapeto, ndipo musaikakamize kukwera chitunda ndi giya yaikulu. Gwiritsani ntchito oyilo amene womanga injiniyo walangiza, musinthe oyilo ndi filita msanga mukamaliza gawo limeneli, ndipo pa injini zimene mavalavu ake amatchunidwa ndi dzanja, mpata wake uyezedwenso. Filita yoyambayo idulidwenso n'kuonedwa padzuwa. Tifumbi tosalala tonyezimira n'toyembekezeka pa zitsulo zimene zikuzolowerana, koma mukapeza tizibenthu tamkuwa, bwererani nayo galimotoyo kwa amene anaimanga tsiku lomwelo, pepala la filitalo lili m'manja, chitsimikizo chisanathe.